Mlendo wa ku Bagamoyo

Nkhani iyi amene anaiona ndi maso alipo, ndipo si anthu oti mungawaganizire bodza. A Safia amagulitsa nsalu mumsika wa pa Mangochi boma, ndipo mukawafunsa mwaulemu adzakuuzani uku akupinda zitenje. Duncan, mwana wa akatekisiti a Anglican ku Malindi, analipo kuyambira pachiyambi. Mwini nkhani, Rahma, mwana wa a Safia, sakonda kuikamba, koma sanaikanepo.

Rahma anali m'chaka chachitatu ku koleji pamene iye ndi Duncan anasankhidwa kupita ku Dar es Salaam ku msonkhano wa ophunzira a m'mayiko osiyanasiyana. Ndi msonkhano uja ana a sukulu amavala masuti n'kumayerekezera kuti ndi akazembe a ku United Nations. Aliyense amapatsidwa dziko loti aliyimire, losakhala lake. Rahma, amene kuzizira ankakudziwa n'kwa ku Namwera mwezi wa June basi, anapatsidwa Norway. Duncan anapatsidwa Iguputo, ndipo anaseka njira yonse kuti bambo ake akamva kuti mwana wawo akuyankhulira Farao, BP ikwera.

Msonkhano unayenda bwino. Anakhala muholo yozizira ngati firiji, akukweza timakadi ta mayina a mayiko, akukangana za anthu othawa kwawo chifukwa cha nkhondo ndi madzi osefukira. Rahma anayankhula mosachita chibwibwi mpaka ophunzira a ku Ghana anamuombera m'manja. Wapampando, mayi wina wa ku Kenya, ankawakumbutsa mobwerezabwereza kuti kazembe savomera chinthu asanachimvetse, chifukwa "inde" wake amamanga anthu ambiri. Rahma anawasunga mawuwo. Koma mawu osungira muholo amatsala muholo momwemo.

Tsiku lomaliza linali lokaona malo. Basi inawatengera ku Bagamoyo, tauni yakale ya m'mbali mwa nyanja yamchere. Anajambulitsa pa zitseko zogoba, anamwa madzi a kokonati, anagula mikanda. Dzuwa lili paliwombo, wowaonetsa malo anawalowetsa m'nyumba ina yakale ya miyala, n'kuwauza kuti kalekale anthu ogwidwa ukapolo kumtunda ankafikira m'tauni imeneyi asanawoloke nyanja. Ophunzira anamvetsera pang'ono, kenako anayambiranso kujambulana.

Lamba wa nsapato ya Rahma anamasuka m'kachipinda kena kamdima, ka denga lotsika. Anzake anatuluka. Iye anawerama kuti amange.

Ndipamene anamva fungo. Silinali la mchere kapena la ndere za m'nyanja. Linali fungo la utsi wa chambo chowamba ndi matope a mu Shire. Fungo la kwawo.

Pakona panakhala mayi. Sanali wamkulu, mwina msinkhu wa Rahma yemwe. Anamanga nsalu yakuda pachifuwa, mutu wometa, ndipo mlomo wake wapamwamba unali wobooledwa. Mapazi ake anali ong'aluka kwambiri.

Mayiyo anayankhula m'Chiyao, koma Chiyao chakale, cholemera, chimene Rahma anangochimvapo kwa nkhalamba za ku Katuli.

"Iwe ukuchokera ku nyanja yopanda mchere."

"Inde, achemwali," anayankha Rahma. Ankaganiza kuti ndi Mmalawi wina amene zinamusokonekera kuchilendo.

"Ubwerera?"

"Mawa."

"Ndinasiya mwana pansi pa mtengo. Ndimati ndikatunge madzi." Mayiyo anayang'ana manja ake. "Ndiperekeze kumangwetu."

Kumangwetu. Kwathu. Rahma chifundo chinamugwira, ndipo pakamwa panatsogola.

"Chabwino, achemwali. Tiyeni."

"Ukuyankhula ndi ndani?" Anali Duncan, ataima pakhomo.

Rahma anatembenuka kuti amuonetse. Pakonapo panali khoma lokha. Duncan amanena mpaka lero kuti munthu sanamuone, koma mawu anamva awiri, ndipo ena sanali a Rahma.

Sanauze aliyense. Mawa lake anakwera basi yobwerera kudzera ku Mbeya. Rahma anakhala pawindo, Duncan mzere wakumbuyo, ndipo mpando wa pambali pa Rahma unali wopanda munthu. Pa Morogoro panakwera bambo wina wonyamula chikwama. Anafika pampandopo, anayamba kukhala, kenako anadzuka msanga n'kupepesa m'Chiswahili, maso ali pampando wopanda kanthuwo. Anaima ulendo wonse mpaka pamene anatsikira. Basi inadzaza, ena anakhala pa zidebe, koma pampando uja panalibe anayesanso.

Atawoloka pa Songwe, Rahma anaona kuti phewa lake lamanzere lanyowa. Analigwira, ananyambita chala. Mchere. Phewalo linkalemera ngati pamene munthu wotopa wakutsamira n'kugona.

"Duncan," ananong'ona, "tabwera ukhale apa."

Duncan anayang'ana mpandowo nthawi yaitali. "Iyayi," anatero. "Pepa."

Anafika pa Mangochi masana a Lachisanu, anthu akutuluka ku mzikiti. A Safia anali atatseka msanga pamsika kuti alandire mwana wawo. Anatsegula geti akumwetulira, anamukumbatira, kenako anayang'ana kumbuyo kwake.

"Lowani, lowani, musaime padzuwa. Rahma, mlendoyu bwanji osandiuza?"

"Mlendo uti, amama?"

A Safia anayang'ananso. Panali chikwama chokha, ndi nkhuku ikupalasa.

Iwo si munthu wopupuluma. Ananyamula chikwama, anapereka madzi osamba, anaphika mpunga. Koma poika chakudya pamkeka anapeza kuti atulutsa mbale zitatu, pamene m'nyumbamo ankakhala awiri chimwalirireni amuna awo. Anaibweza mbale ija mwakachetechete.

Masiku otsatira Rahma anayamba kusintha. Satifiketi ya kumsonkhano sanaitulutse n'komwe m'chikwama. Chakudya ankangochitola. Mapazi ake, amene anazolowera nsapato chiyambire ku pulayimale, anatupa n'kung'aluka zidendene. M'chipinda mwake munkamveka fungo la chambo chowamba, pamene pakhomopo sanagule nsomba. Nthawi ya swala ya m'mawa, a Safia akadzuka kukatawaza, ankamva kupuma kwa anthu awiri kuseri kwa chitseko, wina mofulumira, wina mwapang'onopang'ono.

Anaitana shehe. Anabwera, anawerenga mapemphero a dua, anamwa tiyi, anapita. M'nyumba munakhala bata tsiku limodzi. Anapita naye kuchipatala. Anamuyeza malungo, sanapeze kanthu, anamupatsa mankhwala opaka kumapazi.

Kenako Chichewa chinayamba kumuthawa. Ankayamba chiganizo bwinobwino n'kuchimaliza m'Chiyao chakale chija, mawu ali okhuthala, osakhala ake. Mayeso a kukoleji anali pafupi, koma akatsegula buku ankangoliyang'ana ngati sadziwa kuti n'chiyani. M'mawa wina a Safia anapeza geti lili pululu. Anamupeza pa mlatho wa Shire, wopanda nsapato, wopanda mpango kumutu, akuyenda molunjika kumapiri a kum'mawa. Atamugwira dzanja, Rahma anawayang'ana ngati munthu wachilendo.

"Mwana wanga ali ndi njala," anatero. "Ndisiyeni."

Tsiku lomwelo a Safia anaimbira foni Duncan. Mnyamatayo anabwera kuchokera ku Malindi, anakhala pakhonde atagwira kapu ya madzi osamwa, n'kufotokoza zonse: kachipinda kaja, mawu awiri aja, mpando wa m'basi.

"Ndiye anavomera?" anafunsa a Safia.

"Anavomera, amayi. Anati tiyeni."

A Safia anapotokola nsonga ya mpango wawo.

"Ndiye kuti talakwa ndife," anatero. "Takhala tikumuthamangitsa. Mlendo sathamangitsidwa, amaperekezedwa. Mawa ubwere molawirira."

Anakwera galimoto ya matola yopita ku Namwera, atatu, pakati pa matumba a feteleza ndi madengu a usipa. Galimoto inakwera mapiri a Chowe, ikulira m'makona. Atapitirira pang'ono, pamalo popanda sitolo kapena siteji, Rahma anamenya bodi ya galimoto ndi chikhato.

"Pano."

Anatsika. Kunali kotentha, kumwamba kopanda mtambo. Rahma analowa m'kanjira ka m'munda wa chimanga chouma, akuyenda mofulumira ngati munthu wobwerera kwawo, a Safia ndi Duncan akuthamangira pambuyo. Pena ankaima, n'kuyang'ana phiri, n'kukhota pamene panalibe njira. Anadutsa chigafa cha fodya. Anadutsa manda. Anatsikira ku kamtsinje kouma.

Kutsidya kwa kamtsinjeko kunali chitsa chachikulu, chakuda, chofumbwa pakati. Mozungulira chitsacho munali mosalimidwa, ngakhale munda unafika mbali zonse. Bambo wina amene ankakolola pafupi, amene anadzawauza pambuyo pake kuti ndi Che Atumani, anaika dengu pansi.

"Amayi, mukufuna ndani?"

"Tikuperekeza mlendo," anayankha a Safia.

Bamboyo anayang'ana Rahma, anayang'ana chitsa. Anavula chipewa.

"Pamenepo makolo athu ankatiletsa kugonekapo mwana," anatero motsitsa mawu. "Chifukwa chake sanatiuze."

Rahma anagwada pachitsapo. Anapapasa pansi ndi manja onse awiri, ngati munthu wofunafuna chinthu mumdima. Kenako anaitana dzina la mwana uja.

"Ajira!"

Mphepo inaleka. Mapesi analeka kuphwanyika. Njiwa zimene zinkalira m'mitengo zinakhala chete.

"Ajira!"



Kachitatu sanakuwe. Anangonong'ona.

Ndiye m'chimangamo, chapafupi, munamveka mwana. Sanalire. Anapanga kaphokoso kaja kamene khanda limapanga likaona amake akubwera. Onse anayi anakamva.

Mapesi anagwedezeka, pansipansi, ngati mukukwawa kanthu. Kanabwera mpaka m'mphepete mwa munda. Sipanatuluke chilichonse.

Rahma anatambasula manja. Anawapinda pachifuwa. Anagwa cham'mbali.

A Safia anamuthira madzi kumaso. Atatsegula maso anali Rahma, wotopa, milomo youma.

"Amama," anatero m'Chichewa, "mapazi akundiwawa. Tili kuti kuno?"

Che Atumani anamunyamula panjinga mpaka kumsewu. Sanafunse funso lina lililonse, ndipo ndalama imene a Safia anafuna kuwapatsa anaikana.

Pobwerera, galimoto ikutsika phiri, Rahma anatsamira amake. Phewa linali louma. Duncan, amene mtima unali utayamba kukhala m'malo, anamufunsa ngati akukumbukira kanthu.

"Pang'ono," anatero Rahma. "Mayi uja anathokoza."

"Basi?"

Rahma anazengereza.

"Anati anzake atsala ambiri kumene kuja. Anzakewo njira anaiiwala. Koma tsopano iye akawauza podzera."

Dalaivala anakweza wailesi.

Rahma anachira. Mayeso analemba mochedwa, anakhoza, ndipo pano akugwira ntchito ku Lilongwe. Zidendene zinapola, kungotsala zipsera. Chichokereni nthawi imeneyo, iye palibe china chilichonse chimene chamuchitikira.

Koma kunyumba kwa a Safia, patapita milungu ingapo, agalu a m'dera lonselo anayamba kuuwa m'bandakucha, onse nthawi imodzi, kenako n'kusiya nthawi imodzi. A Safia potuluka kukasesa anapeza mapazi pabwalo. Anali opanda nsapato, ena aakulu, ena aang'ono, ena okoka mwendo. Analowa pageti lokhoma, anazungulira nyumba, anaima pawindo la chipinda cha Rahma, kenako anatuluka kulowera kumlatho. Pamene anaponda panali poyera, ngati pathiridwa mchere.

A Safia anasesa. Sanaitane shehe, sanauze aneba. Madzulo ake anatunga ndowa ya madzi, anaiika pafupi ndi geti, anaika kapu pambali.

Amachita zimenezi mpaka lero. Si masiku onse pamene pamadutsa anthu. Pena mwezi umatha ndowa ili yodzaza. Koma m'mawa wina amaipeza ilibe ndi dontho lomwe, kapu itatsukidwa bwinobwino, itavundikiridwa pamwamba pa ndowa.