Mitanda ya Choko pa Malata

Ndani ankalipira ngongole ya nyumba ya aphunzitsi a Mbewe? Funso limeneli linazungulira Chadiza yense m'chaka cha 1984, kuyambira pamsika wa pa boma mpaka kumidzi ya ku Zingalume, koma panalibe woliyankha. Akatekisiti analephera, atcheyamani a chipani analephera, ngakhale kalaliki wa ku Chipata amene ankalandira ndalamazo ndi manja ake anangogwira pakamwa.

Zinayamba ndi mchere.

Madzulo ena a mwezi wa Ogasiti, Lefina, mkazi wa aphunzitsiwo, anakhala pakhonde kuyeza mchere wa ndiwo ndi kachitsekero ka botolo. Kachitsekero kamodzi patsiku, osapitirira. M'nyumba mwawo chilichonse chinali choyeza. Sopo ankamudula ndi ulusi tizidutswa tisanu ndi titatu, tiyi wa shuga ankamwa Lamulungu lokha, ndipo nyale ankaizimitsa akangosamba m'manja.

Chifukwa chake chinali nyumbayo. Mwamuna wake, Fulansisi Mbewe, anatenga ngongole ya zaka makumi awiri ku bungwe lina la ku Chipata lobwereketsa ndalama zomangira nyumba, namanga ya njerwa zootcha kumapeto kwa boma, pomwe pamayambira midzi. Bungwelo linkadula gawo lake pa malipiro mwezi ndi mwezi, koma Fulansisi ankawonjezerapo ina yapamwamba, poti anawerengera kuti akatero chiwongoladzanja chichepa ndipo ngongole itha m'zaka zisanu ndi ziwiri. Sikunali kuumira ayi. Ali mwana, atate ake atamwalira ku migodi, iye ndi amayi ake anatulutsidwa m'nyumba ya kampani, katundu ali pamsewu, mvula ikugwa. Analumbira kuti wake mwana sadzagona pansi pa denga la eni.

Nyumbayo inalibe siling'i, choncho malata onse makumi anayi ankaoneka munthu akagona chagada. Fulansisi anagawa ngongoleyo magawo makumi anayi, makwacha 150 gawo lililonse. Gawo likatha ankakwera patebulo n'kulemba kamtanda ka choko pa lata limodzi.

“Ili ndi lathu tsopano,” ankatero, ndipo Rosemary, mwana wawo mmodzi yekhayo, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ankavina kuzungulira tebulolo. Panthawiyo mitanda inali 28. Malata khumi ndi awiri anali akadali a bungwe.

Lefina ali mkati moyeza mcherewo anamva odi. Pabwalo panaima nkhalamba yaikazi imene sanaionepo, ili ndi kakhasu paphewa ngakhale inali nthawi ya chilimwe.

“Ndigawireniko kamchere, mwana wanga.”

Chaka chimenecho mchere unkasowa. Umenewo Lefina anaupeza ataima pamzere wa kusitolo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Anaphimba chitini ndi dzanja.

“Pepani agogo, wathu ngowerenga. Tili pa ngongole ife.”

Nkhalambayo sinakwiye. Inasuzumira pakhomo, niyang'ana kudenga, milomo ikugwedera ngati ikuwerenga. Kenaka inayang'ana Rosemary, amene anali kubereka chidole chake cha chitsononkho.

“Ngongole si kanthu,” inatero. “Manja akachuluka imatha msanga. Tidzakuthandizani.”

Itachoka, pabwalo panatsala fungo la dothi lonyowa. Mvula inali isanagwe miyezi inayi.

Patapita sabata, Fulansisi akumanga nsapato m'mawa, anayang'ana kumwamba n'kuima.

“Anabanda, mwakwera patebulo ndinu?” anafunsa mkazi wake.

“Ine ndikakwererenji?”

“Nanga uwo walemba ndani?”

Mitanda inali 29. Watsopanowo unali wokhota, dzanja lina lalitali, ngati wolemba mwana wa Giledi Wani. Fulansisi anaseka pang'ono, koma kuseka kwake kunali kouma, chifukwa Rosemary ngakhale akanaima patebulo sakanafika pa malata. Lachisanu kunabwera kalata ya ku bungwe, muli lisiti: talandira makwacha 150, zikomo. Fulansisi anali asanatumize ngakhale ngwee imodzi.

Sabata yotsatira kunaonekanso mtanda wina, kenaka lisiti lina. Nthawi yomweyo mwana anayamba kusintha. Rosemary amene ankadzuka tambala asanatsike, tsopano ankachita kumugwedeza dzuwa litakwera. Ankagona kudya, nsima ili m'manja. Tsiku lina pomusambitsa Lefina anaona matuza m'zikhatho zake, enieni aja amatuluka munthu akagwira khasu tsiku lonse. Anamuyang'ana kumapazi. Pakati pa zala panali matope akuda a kudimba, akadali ofewa. Pakhomo pawo panali dothi lofiira, louma gwa.

Fulansisi anapempha tsiku kusukulu napita ku Chipata. Anabwerako madzulo, nakhala pampando osavula jekete.

“Akuti bwanji?” anafunsa Lefina.

“Akuti ndalama ikalowa m'buku siituluka.”

“Nanga amabweretsa ndani?”

“Kalaliki akuti nkhope saikumbukira. Akuti amangokumbukira kuti ndalamazo zimakhala zozizira, zonunkha dothi.” Anayang'ana mkazi wake. “Ndinaona pepala losainira, Anabanda. Palibe dzina. Pali chidindo cha chala. Kachala kakang'ono.”

Lefina anathamangira kuchipinda komwe mwana anali atagona kale. Anatembenuza kadzanja kake kamanja. Chala chachikulu chinali chofiirira ndi inki, ndipo m'zikhadabo munali fumbi la choko.

M'mawa mwake anamukhazika pamiyendo, namupatsa tiyi wa shuga ngakhale linali Lachitatu.

“Rozi, mwana wanga, usiku umapita kuti?”

“Kuganyu.”

“Amakutenga ndani?”

“Agogo aja a mchere. Kuli ana ambiri, amama. Timalima mpaka tambala. Enawo sayankhula.”

“Bwanji sukana? Bwanji sufuula kuti amama?”

Mwanayo anamuyang'ana modabwa. “Ndinavomera ndekha. Ndinamva atate akunena kuti ngongoleyi idzawapha. Agogowo anati ndikawathandiza atate safa, ndipo tiziyatsa nyale ngati kwa anzathu.” Anamwa tiyi uja pang'ono. “Kodi sindikuchita bwino?”

Lefina anangomukumbatira, misozi ikugwera m'tsitsi la mwanayo. Anakumbukira mausiku onse amene iye ndi mwamuna wake ankanong'onezana mumdima za makwacha ndi mangwee, akuganiza kuti kuseri kwa khoma losafika kudenga mwana ali m'tulo.

Kuyambira tsiku limenelo kuyeza kunatha. Kukiliniki anati magazi achepa, mwana azidya mazira ndi mkaka, ndipo Lefina anagula. Nyale inkayaka mpaka kucha. Akatekisiti a Mateyu anabwera ndi madzi odalitsa, nawaza zitseko, mazenera ndi malata omwe, namuveka mwana kolona m'khosi. Lefina anamgoneka pakati pa iye ndi atate ake, atamanga chingwe kuchokera padzanja la mwana kufika pa lake. Koma usiku ukafika pakati ankamva tiphazi tikuyenda pa malata, tswa, tswa, tswa, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza chipinda, kenaka tulo tolemera ngati thumba la chimanga tinkawagwera onse awiri. Podzuka chingwe chinali chomangika bwinobwino, mwana ali pomwepo, koma mapazi ali matope.

Anthu nawo anayamba kulankhula. Okwera njinga ochokera cha kumalire a Mozambiki ankati m'bandakucha amamva makasu ambiri akulima m'dambo lina, koma osaona munthu. Ena anati kumeneko kuli munda wosadziwika mwini, wobiriwira pakati pa chilimwe. Koma ambiri sanayang'ane kutali chotero. Kuchitsime amayi ankati akaona Lefina n'kukhala chete. Ndi Ebelesi yekha, mnansi wake, amene anamuuza maso ndi maso.

“Amake Rozi, anthu akuti mwakhwimira mwana.”

“Ine? Mwana wanga yemwe, mmodzi yekhayo?”

“Ine sindikutero. Koma taganizani. Nyumba yamdima zaka zisanu, mchere osagawira munthu, pamaliro kuponya mangwee khumi ngati osauka, kudenga kuli mitanda. Lero ngongole ikutha yokha, mwana akuuma. Anthu aganize chiyani?”

Lefina anasenza ndowa yake yosadzaza n'kubwerera.

Anayesa kumuthawitsa mwanayo. Anapita naye kwa achemwali ake ku Pembamoyo, nakhalako masiku asanu ndi anayi. Kumeneko denga linali laudzu, tiphazi sitinamveke, koma matope ankapezekabe, ndipo atabwerera anapeza mitanda yawonjezeka iwiri. Pofika mu Okutobala panatsala malata atatu okha. Rosemary anali atasiya kuyenda. Ankagona pamphasa pabalaza, maso kudenga, akuwerenga ndi kachala.

Nzeru inamubwerera Lefina akuchapa.

“A Mbewe, ganyu amatha ntchito ikatha. Tikalipira tokha atatu otsalawa, mwanayu akalimiranso chiyani?”

Fulansisi anamuyang'ana ngati munthu amene waona mlatho pamtsinje wodzaza. Tsiku lomwelo anagulitsa njinga ndi wailesi. Lefina anagulitsa makina ake osokera, mbuzi ziwiri, ndi mapoto amene analandira paukwati. Ogulawo, podziwa kuti ali pamoto, anawanyenga mitengo, ena anakana kukhudza katundu wa m'nyumba ya mitanda. Komabe pofika Lachinayi masana makwacha 450 anakwana. Basi inali isanaoneke masiku awiri, choncho Fulansisi anakwera lole ya mtedza, kuti akagone pakhonde la ofesi ndi kukhala woyamba chitseko chikatsegulidwa.

Asananyamuke anagwada pamphasa.

“Rozi, usiku uno ukane, wamva? Uwauze kuti atate apita kukamaliza okha.”

“Mwagulitsa njinga,” anatero mwanayo. “Kusukulu muzipita bwanji?”

“Ndiziyenda pansi. Miyendo ndili nayo.”

“Muzitopa, atate.”

Usiku umenewo Lefina anatsimikiza kuti sagona. Anakhala tsonga, mwana ali pamiyendo, mapazi ake ataviika m'beseni la madzi ozizira, akunena kolona mokweza. Amakumbukira kuti anafika pa chinsinsi chachinayi cha kolonayo. Atatsegula maso kunja kunali kutayera, nyale ikuyakabe.

Sanafune kuyang'ana kumwamba, koma khosi linadzuka lokha. Malata onse makumi anayi anali ndi mitanda. Itatu yomalizayo inali yosaoneka bwino, ngati wolembayo analibe mphamvu yokanikiza choko.

Rosemary anali maso. Matope anali atafika m'mawondo, ndipo matuza a m'manja anali ataphulika.

“Amama, ndamaliza,” ananong'ona. “Ndinawapempha kuti ndilime mizere yonse lero, kuti atate akawombole njinga.”

“Mwana wanga, tinakuuza kuti ukane!”

“Anena kuti tsopano ndipumule.” Anayang'ana kudenga, namwetulira. “Onse ndi athu, eti?”

“Ndi athu, Rozi. Onse.”

“Musazimitse nyale.”

Ebelesi ndiye anamva kulira, nathamanga, ndipo ngakhale anali ndi mantha analowa m'nyumbamo.

Fulansisi anafika dzuwa likulowa. Anamva nyimbo za maliro akadali pamseu. Analowa, nagwada pafupi ndi mkazi wake, natulutsa envulopu m'thumba la jekete. Inali yosatsegula.

“Ndinali woyamba pakhomo,” anatero. “Kalaliki anatsegula buku n'kundigwira dzanja. Anati mwamaliza, aphunzitsi, mwachita chamuna, zaka makumi awiri mwazidula m'zaka zisanu. Inki inali isanaume, Anabanda. Ndinaikhudza.”

Ndalama ija inagula bokosi, nsalu ndi chakudya cha anthu a pamaliro. Anabwera ambiri, ena kudzalira, ena kudzasuzumira kudenga. Atcheyamani a chipani anaitanitsa msonkhano, anthu analozana zala, anyamata anakasaka dambo lija masiku atatu. Sanapeze munda, ndipo nkhalamba ya kakhasu panalibe mudzi umene unaidziwa.

Mapepala a nyumba anabwera ndi positi mu Disembala, mvula itayamba. Fulansisi sanawawerenge. Sankatha kugona pansi pa malata amenewo, ndipo chaka chitatha anapempha kuti amusamutsire kusukulu yakutali. Anamupempha mkazi wake kuti apite limodzi, agulitse nyumbayo. Lefina anakana. Sanakangane. Anangolephera kuyang'anana, poti aliyense ankaona m'maso mwa mnzake mawu aja ankanong'onezana mumdima.

Mwamuna wake atapita, Lefina anakwera patebulo ndi kansanza konyowa. Anafufuta mitanda 28 yowongoka bwino ija, umodzi umodzi. Atafika pa yokhota ija dzanja linakana. Rosemary anali atangoyamba sukulu, makope ake anali asanadzaze ndi tsamba limodzi lomwe. Mitanda khumi ndi iwiriyo ndiyo malemba a mwana wake amene anatsala nawo.

Ikadalipo. Amene amadutsa kumapeto kwa boma amaidziwa nyumbayo, chifukwa pazenera pamayaka nyale ngakhale mwezi uwale, ndipo pakhonde pamakhala mbale yodzaza mchere kuti wofuna atape osapempha. Palibe amatapa.

Inu amene muli ndi ana, chonde, za ngongole zanu muzikamba iwo atapita kosewera, osati mumdima poganiza kuti agona. Ndipo mawa m'mawa, asanatsike pamphasa, muwayang'ane kumapazi.