Ndege ya Lachiwiri Inachedwa

Lachiwiri, 2 koloko masana, Mayi a Mapasa anapeza loko wa pakhomo pawo atathyoledwa. Anali atangoweruka ku bwalo la ndege, kumene akhala akukolopa chimwalirireni amuna awo. Wailesi inalipo. Mabulangete analipo. Koma sutikesi ya malemu inali itang'ambidwa ndi mpeni, ndipo mapepala a nyumba munalibe.

Anakhala pabedi osalira. Wakuba wanji wosiya wailesi n'kunyamula mapepala?

Telala woyandikana nawo anati anaona mwamuna wa jekete akutuluka cha m'ma 10 koloko. Nkhope sanaione, koma kayendedwe kanali ka mlamu wawo, mng'ono wa malemu, yemwe ananena pamaliro pomwepo, dothi lisanaume, kuti nyumbayo ndi ya kubanja kwawo.

Mayi a Mapasa atakadandaula kupolisi, Lachinayi m'mawa sajeni anaitanitsa mlamuyo, iwonso ali pomwepo. Anafika akununkhira mafuta odula, naponya tikiti patebulo.

"Bwana, werengani nokha. Lachiwiri ndinali m'mwamba. Tinanyamuka 9 koloko, tinatera patadutsa mphindi makumi awiri 10 koloko itakwana. Makilomita mazana asanu ndi atatu, ola limodzi ndi mphindi makumi awiri basi. Ndiye ndingathyole bwanji loko ndili m'mitambo? Alamu angawa chisoni chawasokoneza mutu."

Sajeni anayang'ana tikitiyo. Dzina linali lake, tsiku linali lomwelo.

"Mayi, mwamva nokha."

Mayi a Mapasa sanakwerepo ndege. Sukulu analekeza sitandade 6. Koma zaka zinayi akuona anthu akudikira, ndipo ankadziwa kuti pepala limanena zake, ndege n'kuchita zake.

"Alamu, bwerezani. Munatera nthawi yanji?"

"Ndanena kale. Kapena manambala akukuvutani?"

"Manambala amandivutadi. Koma ndege imeneyo 9 koloko sinanyamuke. Tayala linaphwa. Inanyamuka 12 koloko, anthu atatukwana mpaka kutopa. Ine ndinakolopa pansi pa mapazi awo maola atatu, ndikuwapempha mmodzimmodzi kuti akweze miyendo. Mwana wina anasanza kawiri. Inuyo munakhala mpando uti?"

Mlamu anayang'ana wotchi yake.

"Mwina ndasokoneza wotchi."

"Maola atatu?" anafunsa sajeni, dzanja lili kale pafoni.

Ku bwalo la ndege anayankha msanga. Tikiti inagulidwadi, koma mwini wake sanakwere. Anamuitana katatu pa chimkuzamawu, mpando n'kupita wopanda munthu.

Pofika 4 koloko apolisi anali atapeza mapepalawo m'galimoto ya mlamuyo, limodzi ndi kalata yogulitsa nyumba yosainidwa m'dzina la malemu, munthu amene wagona m'manda zaka zinayi. Anam'manga pomwepo, anthu akuonerera. Khoti linamupatsa zaka zitatu.

Potuluka m'khoti, apongozi a Mayi a Mapasa anawatsekera njira pamasitepe.

"Mwammangitsa mwana wanga. Ndi bambo wamng'ono wa ana anu ameneyu! Mukawauza chiyani mapasa?"

Mayi wokalambayo anali ataika mwana mmodzi m'manda, wina ndi uyo akukwera galimoto ya ndende. Zinawakhudza ndithu Mayi a Mapasa. Koma anakumbukiranso kuti kalata ija ikanadutsa, palibe wa kubanja kumeneko akanafunsa kumene ana agone.

"Ndikawauza kuti alowe m'nyumba, amayi. Ndi yawo."