Kavidiyo ka Esinala

Chodabwitsa choyamba chimene anthu anaona n'chakuti Leonard anasiya kupachika foni yake pa msomali.

Musaseke, nkhani ndi yaikulu imeneyi. Kwathu kuno kwa Katunga netiweki ndi yaulesi kuposa galu wa mu Okutobala. Masana, makamaka odula nzimbe akaweruka ku esiteti aliyense foni m'manja, netiweki imangokomoka. Ukatumiza chithunzi, kabwalo kaja kamazungulira, kuzungulira, mpaka iwe kumera imvi. Wina anatumiza chithunzi cha khanda kwa abale ake ku Marka, chinakafika mwanayo akuthamangitsa kale nkhuku. Zinthu zimayenda cha m'ma 2 koloko usiku, anthu onse atagona. N'chifukwa chake aliyense ali ndi malo ake osiyapo foni pogona: wina pa zenera, wina pa mpanda wa bafa. Leonard malo ake unali msomali wa pamwamba pa chitseko, ndipo ankautama ngati anachita kuwugula ku Joni.

Tsono Lachitatu m'mawa msomali unali wokha, mwini wake ali pakhonde, maso ali psuu.

Leonard ameneyu anali wamasiye. Mkazi wake Esinala anapita ndi madzi osefukira miyezi isanu ndi iwiri m'mbuyomo. Nkhani yake ya usiku umenewo tonse tinkaidziwa ngati nyimbo ya kutchalitchi. "Ndinapalasa bwato usiku wonse, abale anga! Ndinaitana mpaka kukhosi kutuluka magazi! Esinalaaa! Esinalaaa! Koma zii!" Akafika apa ankapukuta m'maso ndi kolala ya shati. A Paulo, atsibweni ake a Esinala, anagwidwa chisoni. Analonjeza kuti Loweruka likudzalo, pa mwambo womusudzula, adzamumasula mwaulemu kuti akwatirenso, ndipo nyumba ya malata ndi dimba la malemu adzamusiyira kuti alereremo mwana wawo Pempho.

Zimene Leonard sankanena ndi izi. Usiku umenewo bwato linali lodzaza. Munali mbuzi zisanu, sofa, ndi mwini sofayo, Betty wogulitsa zitumbuwa, amene Leonard ankamudziwa kupitirira muyezo wa munthu wongogula zitumbuwa. Podutsa ku dimba anaona kanyali ka foni kakugwedezeka mu mtengo wa mango, anamva ndi mawu omwe. Anayang'ana mbuzi. Anayang'ana sofa. Anakuwa kuti, "Ndibweranso!" Atafika kumtunda anaona madzi atakwiya, sanabwererenso, ndipo kutacha mu mtengo muja munalibe munthu.

Za msomali zija zinayamba Lachiwiri usiku. Kunali mdima uja wa ku chigwa, wotentha, womata pathupi ngati bulangete lonyowa. Achule anali atakhuta kulira ku dambo, udzudzu wokha ndiwo unkaimba pa khutu, ndipo kutali uko makina a ku esiteti ankangoti nguu, nguu. Leonard anali yekha m'nyumba, chifukwa munthu wosasudzulidwa sagona ndi mkazi, ndipo Pempho ankagona kwa Otilia, mng'ono wake wa Esinala. Kenaka pa msomali paja: ting'!

Anadzuka akuyasamula, akuganiza kuti ndi kapitawo wa kuntchito. Kuyang'ana dzina, tulo tonse balala. Panalembedwa kuti "Mayi a Pempho". Unali uthenga wa mawu. Chala chinakana, chinakananso, kenaka chinadina chokha.

Poyamba kunangomveka madzi, waa, waa, ngati chimtsinje chalowa m'chipinda. Kenaka kupuma kwa munthu wozizidwa. Kenaka mawu, apansipansi.

"Bambo a Pempho, ndili mu mango wa ku dimba. Madzi akukwera. Bwerani ndi bwato."

Akuluakulu, munthu wodula nzimbe matani awiri pa tsiku uja anapezeka ali pansi pa bedi, miyendo yokha ili kunja. Kunacha ali momwemo.

Lachitatu usiku foni anaikwirira mu thumba la gaga n'kukhalira pamwamba. Nthawi itakwana, gaga uja anati ting'! Ulendo uno chinali chithunzi. Mdima wokhawokha, masamba a mango onyowa m'mphepete, ndipo pakati, patali, kadontho ka kuwala. Wina aliyense akanati ndi nyenyezi. Leonard anaidziwa tochi yake.

Kutacha anajomba kuntchito, anapalasa njinga mpaka ku Nchalo kwa Pius, wokonza mafoni, munthu woyankhula Chisena ndi Chimang'anja mosakaniza ngati ndiwo za pa ukwati.

"Achimwene," ananong'ona Leonard, "kodi munthu wakufa angatumize uthenga?"

"Nkhabe! Ayi ndithu," anatero Pius osadzutsa mutu. "Kumandako bandulo amagula kwa ndani? Mverani. Netiweki ili ngati bwato."

Mawu oti bwato anamulasa Leonard, koma Pius anangopitiriza.

"Bwato likadzaza, ena amatsala pa gombe kudikira. Mawu olemba ndi nkhuku, amapeza pokhala. Uthenga wa mawu ndi mbuzi. Chithunzi ndi nkhumba. Koma vidiyo, achimwene, vidiyo ndi ng'ombe! Imadikira bwato lopanda munthu. Tsiku la madzi lija dziko lonse linkaimba foni nthawi imodzi, ndiye zambiri sizinawoloke. Zinatsala m'mafoni, zili ndi kawotchi pambali. Foni ikadzayakanso n'kupeza mpata, zimanyamuka."

"Nanga foniyo ngati inamira?"

Apa Pius anadzutsa mutu, namuyang'ana nthawi yaitali. "Ikamira ndiye kuti yamira. Kodi mwatani, mukutuluka thukuta ngati mwaba mbuzi?"

Pobwerera anapeza mphekesera zafika kale pa mjigo. Ena ankati usiku ku chulu cha kuseri kwa tchalitchi kumaoneka kamoto kabuluu. Ena ankati amva mkazi akulira m'nyumba mwa Leonard. Otilia anakumana naye pa njira, ndowa ili pamutu, nagwada pang'ono mwaulemu wake wonse.

"Alamu, mwaonda bwanji? Simukugona? Limbani mtima, Loweruka layandikira."

Lachinayi usiku Leonard anazimitsa foni, naiika mu mphika, navundikira, naikapo mwala. Anagona chagada akumvetsera. Mbewa inathamanga pa denga. Malata anati thee, akuzizira. Kenaka achule onse anasiya kulira nthawi imodzi, ngati wina wawakweza dzanja. Chete ameneyo ndiye anamupweteka kuposa ting' uja. Kodi watumiza? Wanena chiyani? Watumizira ndani? Pomwe tambala woyamba ankakonza kukhosi, Leonard anali atagwada pa mphika, akuyatsa foni ndi manja ake omwe.

Ting'!

Madzi aja, waa. Patali kambuzi kakulira, mee. Ndiye Esinala, mawu ake osangalala, ngati mwana woona amake akuchokera kumsika.

"Ndakuonani! Tochi yanu ndaiona! Kuno, bambo a Pempho, kuno!"

Leonard analuma pilo. Koma mutu wa wakuba sugona. Pofika m'mawa anali atapeza poyankhira: tochi ndi tochi, mbuzi ndi mbuzi, usiku umenewo mabwato anali ambiri. Ndiponso mauthengawa akubwera kwa iye yekha. Angopirira usiku umodzi, Loweruka amusudzule, nambalayo aitaye m'chimbudzi.

Lachisanu usiku anakhala tsonga pa bedi, foni m'manja, akuiyang'ana ngati njoka. 2 koloko inakwana. Zii. Inadutsa. Anayamba kumwetulira. Ndiye cha m'ma 3, mudzi wonse unalira. Ting' kwa a Paulo! Ting' pa mpanda wa bafa! Ting' kuseri kwa khola! Agalu anayamba kuuwa. Uthenga sunabwere kwa Leonard yekha ayi. Unagwera pa gulu la pa Watsapu la banja lonse, anthu makumi anayi ndi mphambu, mpaka a ku Kasisi. Inali ng'ombe ija. Vidiyo ya mphindi zitatu, yosatsegulidwa, chithunzi chake chili mbuu ngati galasi la nthunzi. Koma pakati pa mbuu ameneyo panali chinthu chachitali, chakuda, chopingasa.

"Bwato," ananong'ona Leonard. "Mayo ine, bwato."

Loweruka anthu anadzaza bwalo la a Paulo kuposa pa maliro penipeni. Lumo lometera linali pa mbale, mphasa itayalidwa, koma palibe ankayang'ana zimenezo. Aliyense anali atadina vidiyo ija, ndipo poti onse anadina nthawi imodzi, dzuwa lili pamutu, netiweki inagona chafufumimba. Mafoni makumi atatu, timabwalo makumi atatu, tonse tikuzungulira.

"Mwambo udikire," anatero a Paulo, akuika foni yawo yosweka galasi pakati pa mphasa. "Mwana wathu wayankhula. Timve kaye."

Leonard anakhala pa mphasa, foni ija ili patsogolo pake penipeni. Otilia anagwada pambali, akuwerenga mokweza ngati wolengeza mpira pa wailesi.

"Yafika pa kota, atsibweni. Ikuyenda. Yafika pakati. Iii, yaima." Anthu onse: "Aaa!" "Yayambanso. Alamu, mukufuna madzi? Mwatuwa."

Thukuta linkatsika m'msana mwa Leonard ngati wathiridwa ndowa. Kabwalo kanakwawa, kanakwawa, kanatsala kachidutswa ngati chikhadabo. Kenaka kanabwerera poyambira.

"Tiyambirenso," anatero a Paulo modekha. "Ife tilibe kopita."

Ulendo wachiwiri kanayenda pang'onopang'ono kuposa poyamba. Ola lathunthu! Nkhuku inadutsa pa mphasa, palibe anaiingitsa. Katatsalanso kachikhadabo kaja, Otilia anati, "Tsopano ikutseguka," ndipo Leonard anaphulika.

"Bwato linali lodzaza! Mukanatani inu? Mbuzi zisanu, ndi sofa ya Betty, ndi Betty yemwe! Ndinamuuza kuti ndibweranso! Mumva nokha mmenemo, ndinanena kuti ndibweranso!"

Bwalo lonse linati zii. Ndipo mu zii ameneyo foni ya a Paulo inatseguka.

Munalibe bwato. Chinthu chachitali chija inali nthambi ya mango. Mphindi zitatu zonse munali mdima, mvula, ndi mawu a Esinala, otopa, osatchula Leonard ngakhale kamodzi.

"Otilia, mng'ono wanga, Pempho amaopa mdima. Usamamuzimitsire nyali."

Amayi anayamba kulira. Otilia sanalire. Anapisa dzanja m'chitenje natulutsa foni yokulungidwa mu jumbo ya shuga.

"Ndinaipeza mwezi watha ndikusadza mango uja. Achemwali anaimangirira ku nthambi ya pamwamba. A Pius anaiumitsa n'kuitchaja. Ndinapeza mauthenga anayi ali ndi kawotchi, akudikira. Ndinamvera onse. Ndinadziwa kuti tochi mudzaikana, mbuzi mudzaikana. Ndiye usiku uliwonse ndimakwera pa chulu, kuyatsa data, umodzi ukawoloka n'kuzimitsa." Anatembenukira kwa Leonard, mawu ake ali ozizira ngati madzi a mu mtsuko. "Sindinawonjezepo kanthu, alamu. Ndimangofuna mulaweko kudikira."

A Paulo anatenga lumo lija nalibweza m'thumba la jekete.

"Makiyi a nyumba siyani pa mphasapo. Dimba musadzapondemonso. Ndipo kusudzula sitikusudzulani. Mukhala mwamuna wa Esinala mpaka mwini wake adzakumasuleni yekha."

Madzulo omwewo banja lonse linapita pa mtsinje. Tonse tinaona ndi maso athu Otilia akuchotsa foni mu jumbo muja, kuimangirira ku mwala, n'kuiponya pakati pa Shire. Inati chubwi, basi. Betty naye sanadikire kuti kuche. Anakweza sofa yake pa ngolo kulowera ku Marka.

Leonard anakapempha kogona m'kachipinda ka mlonda ku esiteti. Usiku umenewo sanagone. Kunja nzimbe zinkakhudzana, shwe, shwe, ngati anthu ambiri akunong'onezana. Itakwana 2 koloko anatenga foni, natsegula pa dzina lija, nalemba kuti: "Mayi a Pempho, ndimasuleni."

Kawotchi. Anapumira m'mwamba, poti foni ya pansi pa mtsinje ingalandire bwanji? Kenaka kachizindikiro kamodzi. Kenaka tiwiri. Kenaka tiwiri tija tinasanduka tabuluu.

Nzimbe zinasiya kunong'ona. Pamwamba pa foni panaoneka kuti munthu akulemba. Analemba, nasiya. Analembanso, nasiya. Pansi pa chitseko, m'dziko louma la mwezi wa Okutobala, panayamba kulowa kamadzi kozizira, kakukwawa molunjika ku mapazi ake.

Ting'!

Anali mawu amodzi okha, opepuka ngati nkhuku, oti sangasowe malo m'bwato.

"Ndibweranso."