Mtsuko Wotuluka Thukuta

Lemlem ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna Dagim atseke pakamwa.

Amayi a Lemlem amaumba mitsuko. Tsiku ndi tsiku Dagim ankamuseka m'kalasi.

"Mwana wa dongo iwe! Kwathu timasunga madzi m'chigubu chatsopano."

Tsiku lina aphunzitsi a Worku anabwera ndi tizitsulo tiwiri ta mawaya. Anatilumikiza ku kompyuta.

"Kachitsulo aka kamamva kutentha," anatero aphunzitsi. "Kompyuta imajambula mzere. Kukatentha, mzere umakwera. Kukazizira, mzere umatsika. Mawa tiyeza madzi."

M'mawa mwake Dagim anabweretsa chigubu chachikasu. Lemlem anabereka mtsuko kumsana, monga amachitira amayi ake. Unali wolemera. Sanautule panjira.

Onse anatunga pampopi umodzi. Kachitsulo kena kanalowa m'chigubu. Kena kanalowa mumtsuko. Mizere iwiri inayambira pamodzi. Wofiira unali wa Dagim. Wobiriwira unali wa Lemlem.

Posakhalitsa mtsuko unanyowa kunja.

"Taonani!" anakuwa Dagim. "Mtsuko wa amayi ako wakodza!"

Ana onse anaseka.

Aphunzitsi anatenga jumbo. "Tiukulunge. Ungatinyowetsere kompyuta."

Lemlem anaima kutsogolo kwa mtsuko. Sanachoke.

"Ayi, aphunzitsi."

"Wati ayi?"

"Ayi. Sukudontha. Ukutuluka thukuta. Amayi amati mtsuko uzipuma. Sunthani kompyutayo."

Aphunzitsi anamuyang'ana, anamuyang'ana. Kenako anasuntha kompyuta. Anatsegulanso zenera.

Dzuwa linakwera. Kamphepo kanalowa.

Mzere wofiira unakwera. Unakwera, unakwera.

Mzere wobiriwira unatsika. Unatsika, unatsika. Mtima wa Lemlem unkavina.

"Kachitsulo kangako ndi kowonongeka!" anatero Dagim.

"Tisinthane ndiye," anayankha Lemlem.

Anasinthana tizitsulo. Anadikira. Madzi a mumtsuko anali ozizirabe. Madzi a m'chigubu anali ofundabe.

Dagim anatsegula pakamwa. Kenako anatseka.

Lemlem anakopera mizere ija m'kope. Ataweruka anathamangira kwawo. Amayi ankaphika injera, buledi wopyapyala uja.

"Amayi! Amayi! Kompyuta yanena kuti mtsuko wathu umaziziritsa madzi!"

Amayi anayang'ana kope. Anayang'ana Lemlem.

"Yadziwa lero?" anafunsa.

"Lero, amayi."

Amayi anaseka mpaka misozi.

"Yachedwatu imeneyo. Samba m'manja, mwanangu, tidye."