Mimba si Kabati

Linali tsiku la Diwali, chikondwerero cha nyali cha Ahindu, ndipo dzuwa litangolowa makombola anayamba kuphulika ku Old Town ngati chimanga chokazinga. Pa kachipatala kena ku Area 9, nesi Anastazia anali atavula kale nsapato za ntchito. Mtima wake unali kusitolo ya a Jitendra, amene chaka chilichonse amagawa maswiti kwa aliyense wodutsa. Koma asanatuluke, galimoto ya a Jitendra omwewo inalowa pageti ikuliza hutala. M'katimo munali Priya, mkazi wa mwana wawo, nthawi yake itakwana. Mwana wa m'mimbayo anali atakhala mopingasa.

Dokotala Farhan sanachulutse gaga m'diwa. "Ku fiyeta," anatero.

Anastazia ndiye anali wopereka zida. Ntchitoyi anaiphunzira kwa malemu Sisitala Marcelina, mayi wamfupi wotsimphina mwendo wamanzere, amene anatisiya zaka zitatu zapitazo. Mayi ameneyo anali ndi malamulo ake. Mpeni supereka pamanja, umauika m'kambale. Chopanira mitsempha umachigunditsa pachikhatho cha dokotala kuti achimve osayang'ana. Koma lamulo lalikulu linali la kuwerenga. Zida zimawerengedwa ndi anthu awiri, mokweza, asanang'ambe munthu ndiponso asanamusoke.

"Mimba ya munthu si kabati, mwanawe," ankatero a Marcelina. "Ukaiwalamo kanthu sungadzatsegule mawa."

Anastazia anawerenga ndi mnzake Eliness, nesi wothamangathamanga m'chipindamo. Mipeni iwiri, masizasi atatu, chogwirira singano chimodzi, zopanira khumi. Eliness analemba pabolodi.

Ntchito inayenda bwino. Pasanapite theka la ola kamtsikana kanatuluka, kanakwinya nkhope, n'kulira mokweza ngati kakupikisana ndi makombola aja. Onse anaseka m'mamasiki mwawo. Anastazia wabereketsa ana osawerengeka, koma kulira koyamba kumamusungunula mtima tsiku lililonse.

Kenaka magetsi anazima. Kunja kunangoti zii, ngakhale makombola anakhala ngati apuma. Jenereta inakhosomola kawiri, nyali n'kuyakanso.

"Werengani, ndisoke," anatero dokotala.

Anastazia anayamba, maso ali pathireyi. Kumbuyo kwa phewa lake lamanja mawu ankamuyankha monga mwa lamulo, otsika, otsamwa ndi masiki.

"Mipeni iwiri."

"Iwiri."

"Masizasi atatu."

"Atatu."

Anafika pa zopanira, chala chikuyenda mofulumira. "Khumi."

"Zisanu ndi zinayi."

Anabwereza. Khumi ndithu. Anatsegula pakamwa kuti anene kuti zakwana. Pamenepo anamva kamphepo kozizira pakhosi, ndipo mawu aja anafika pafupi ndi khutu lake.

"Mimba si kabati, mwanawe."

Tsitsi linamuimirira m'kati mwa kachipewa. Sanacheuke, pakuti wopereka zida sachotsa maso pathireyi. Anayala zopanira chimodzichimodzi, n'kuona chimene chinamunamiza. Chogwirira singano chinali chitagona pakati pa zopanira, ndipo ziwirizi zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Zopanira zinali zisanu ndi zinayi.

Dokotala anali atatambasula kale dzanja kudikira ulusi.

"Musasoke, adokotala. Chopanira chimodzi palibe."

"Mwati khumi pompano, ndamva ndi makutu anga."

"Ndinalakwitsa. Ulusi sindikupatsani."

Chiyambire ntchito, Anastazia anali asanamukanizepo dokotala kanthu. Koma ulusi anaugwira. Dokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, anapumira m'mwamba, n'kubwezanso dzanja m'mimba muja. Anafufuza kumanja, palibe. Anafufuza kumanzere, kuseri kwa chiberekero. Dzanja linaima. Linatuluka pang'onopang'ono litagwira kachitsulo kakang'ono, kofiira ndi magazi.

Kanagwera m'kambale kuti ngwee.

"Khumi," anatero Anastazia.

"Zakwana," anayankha mawu aja.

Atamaliza kusoka, chitseko chinatseguka ndipo Eliness analowa akumwetulira mpaka masiki kukwera.

"Makilo atatu! Agogo ake akuvina pakhonde."

"Iwe, unatuluka nthawi yanji?"

"Mwana atangolira ndinapita naye kukamuyeza. Ndimati ndibwerere msanga tiwerenge, magetsi aja anandichedwetsa. Mwawerenga ndi ndani?"

Anastazia anayang'ana dokotala.

"Munkawerenga nokha," anatero dokotala akuvula magolovesi. "Ndimadabwa kuti bwanji mukumaima pakati ngati mukudikira munthu."

Pakhonde panali chisangalalo chokhachokha. A Jitendra ankakakamiza aliyense maswiti, ngakhale odwala shuga. Akazi awo, mayi Lata, anagwira manja a Anastazia n'kumupatsa mabokosi awiri a maswiti.

"Limodzi ili lanu, sisitala. Lina ili mukapatse anzanu aja."

"Eliness?"

"Ayi, achikulire aja. Aafupi, oyenda motsimphina. Anatuluka m'fiyetamo posachedwapa, akuti, 'Musadandaule mayi, zonse zakwana.' Ndimati ndiwapatse maswiti, ndikucheuka apita."

A Iddi, mlonda amene wakhala pachipatalapo chimangireni, anali ataima chapafupi ndi switi m'kamwa. Anasiya kutafuna. Anakokera Anastazia pambali n'kunong'ona.

"Pageti sipanadutse munthu. Koma mwendo umenewo ndimaudziwa, ndaumva zaka makumi awiri pasimenti pano. Mayi aja sankaweruka zida zisanakwane."

Anastazia anayembekeza kuti mantha amugwire, koma chimene chinabwera ndi kuseka, misozi ili mbwembwembwe. Anawasowa mayi aja, ndipo anakondwa kuti amukalipiranso kamodzi.

Bokosi lachiwiri analiika pashelefu pafupi ndi makina ophikira zida, pamene a Marcelina ankasiya kapu yawo ya tiyi. Ena pachipatalapo amati kunali kutopa chabe, ena amati ayi. Anastazia satsutsana nawo. Koma mukadzamuona akuwerenga zida lero, Eliness ali pambali pake, mudzamva kuti Eliness akayankha, iye sathamangira nambala yotsatira. Amayamba wadikira pang'ono.