Manja Apepo a Arisati

Arisati ankakhala mumzinda wa Sidoni, m'mbali mwa nyanja. Iye ankalakalaka chinthu chimodzi chokha. Ankafuna manja ngati a ana ena.

Manja ake anali apepo. Zala zapepo. Zikhadabo zapepo.

Bambo ake ankavuula nkhono m'nyanja. Amayi ake ankapanga utoto ndi nkhonozo. Utotowo ankanyikira nsalu za mafumu. Pakhomo pawo aliyense anali ndi manja apepo. Ngakhale Mago, mlongo wake wamng'ono. Mago ankapisa manja paliponse.

Ndiye fungo lake! Nkhono zikawola m'mitsuko, ngakhale galu ankalambalala.

Arisati anatsuka manja ndi mchenga. Utoto sunachoke. Anatsuka ndi phulusa. Utoto sunachoke. Basi, anayamba kubisa manja m'khwapa.

Tsiku lina m'mawa amayi anamuitana.

"Arisati, mkate watha. Thamangira kumsika. Mtengenso Mago."

"Chabwino, Amayi."

"Umugwire dzanja. Usamusiye. Wamva?"

"Ndamva, Amayi."

Kumsika kunali anthu piringupiringu. Arisati anagwira Mago dzanja. Anafika kwa wophika mikate. Pamenepo panali Bodo, mwana wa wophika mikateyo. Bodo anali ndi pakamwa.

"Eee, abwera anunkha-nkhono!" anakuwa Bodo. "Tsekani mphuno, anzanga!"

Ana anaseka. Arisati anachita manyazi. Anasiya dzanja la Mago. Anabisa manja m'khwapa.

Mikate italowa m'dengu, Arisati anacheuka.

"Tiye, Mago."

Mago panalibe.

"Mago! Mago!"

  Arisati anataya dengu. Anayamba kuthamanga.

Anapeza mayi wogulitsa nkhuyu.

"Zikomo Mayi, mwaonako mwana wamng'ono?"

"Ana ndi ambiri, mwanawe. Wako ndi wotani?"

Arisati anaima kaye. Kenaka anatulutsa manja pang'onopang'ono.

"Wa manja ngati awa."

"Ooo, kamanja kapepo kaja! Kandibera nkhuyu imodzi. Kalowera uko, kwa opota zingwe."

"Zikomo, Mayi!"

Arisati anathamanga. Anapeza bambo wopota zingwe. Ulendo uno sanachedwe. Anakweza manja m'mwamba.

"Bambo, mwaonako mwana wa manja ngati awa?"

"Ndamuona. Amalondola munthu wonyamula pusi. Atsikira kudoko. Fulumira, ngalawa zikunyamuka!"

"Zikomo, Bambo!"

Kudoko kunali ngalawa zambirimbiri. Zina zinali kutsitsa mitsuko. Zina zinali kukweza mitengo ya mkungudza. Ngalawa imodzi yaikulu inali itadzaza kale. Amalinyero anali kumasula zingwe. Ngalawa zazikulu zimapita kutali. Zikapita, zimabwera chaka chamawa.

"Mago! Mago!"

Palibe amene anamva. Phokoso linali lalikulu. Aliyense ankalankhula chinenero chake.

Pamlatho wa doko panaima msilikali wa ku Perisiya. Anali wamtali ngati mlongoti. Anali ndi ndevu zopotanapotana. M'manja anali ndi mkondo. Ana onse a ku Sidoni ankamuopa. Arisati ankamuopanso. Koma anapita.

"Bambo, mlongo wanga wasowa!"

Msilikali anapukusa mutu. Sankamva chinenero cha ku Sidoni. Anayankha m'chinenero chakwawo. Arisati sanamvepo kanthu. Misozi inayamba kutsika.

Ndiye anakweza manja ake. Anawaika pamaso pa msilikali penipeni. Kenaka anatsitsa dzanja mpaka m'chiuno mwake. Mwana wamfupi chonchi. Wa manja ngati awa.

Msilikali anayang'ana manjawo. Anatong'ola maso. Anacheukira ngalawa yaikulu ija. Chingwe chomaliza chinali chitamasulidwa.

Msilikali anakuwa. Mawu ake anali ngati bingu. Amalinyero anaima chilili. Iye anaponya mkondo pansi. Anathamanga. Analumphira m'ngalawa, dii!

Arisati anadikira. Anadikira. 

Kenaka msilikali anatulukira kuseri kwa mitsuko. Paphewa pake panali Mago. Dzanja limodzi anagwira ndevu za msilikali. Dzanja lina anagwira nkhuyu yoluma theka.

"Achemwali!" anakuwa Mago. "Ndaona pusi!"

Arisati anamukumbatira. Ankaseka uku akulira.

"Iwe mwana iwe! Ukanapita kutsidya kwa nyanja!"

"Ndi pusi?" anafunsa Mago.

Arisati anagwada pamaso pa msilikali.

"Zikomo, Bambo. Zikomo kwambiri."

Msilikali sanamve mawuwo. Koma zikomo amaoneka pankhope. Anamwetulira. Analoza Mago. Kenaka analoza kutali, kotulukira dzuwa. Anatsitsa dzanja mpaka m'bondo mwake. Arisati anamvetsa. Nayenso anali ndi mwana wamng'ono kwawo.

Atafika kunyumba, anapeza dengu lili pakhomo. Mikate inali momwemo. Bodo ndiye anabweretsa. Anali ataima patali, atatseka mphuno.

"Unataya dengu lako," anatero Bodo. "Mago wapezeka?"

"Wapezeka. Zikomo, Bodo."

Bodo anathawa. Fungo linamukanika.

Arisati anauza amayi zonse. Sanabise kanthu.

"Ndinamusiya dzanja, Amayi. Ndinkabisa manja anga. Pepani."

 Amayi ananyamula Mago. Anamufungatira nthawi yaitali. Kenaka anatenga manja a Arisati. Anawaika pamwamba pa manja awo. Apepo pa apepo.

"Unalakwa, mwanangu," anatero amayi. "Koma unamupeza bwanji?"

"Ndi manja omwewa."

Bambo anapumira m'mwamba.

"Msilikali wachilendo kulumphira m'ngalawa chifukwa cha mwana wathu! Zoonadi, mwana wa mnzako ngwako yemwe."

Anadya mkate ndi nsomba. Mago anagona mkate uli m'kamwa.

Madzulo amayi anatsegula bokosi la nsalu. Anatulutsa kansalu kapepo, kakang'ono. Kanali kokongola kwambiri.

"Aka n'ka mwana wa msilikali uja," anatero amayi. "Mawa ukapereke wekha."

M'mawa Arisati anamanga kansalu kaja m'lamba wake. Anatenganso mkate wokapatsa mayi wa nkhuyu uja. Anatenga nsomba yokapatsa bambo wa zingwe uja. Anaziika m'dengu, dengu pamutu. Anagwira Mago dzanja.

Anadutsa kumsika. Bodo anawaona.

"Eee, abweranso anunkha-nkhono!"

Arisati sanabise manja. Anakweza dzanja limodzi m'mwamba. Anatambasula zala zonse zapepo.

"Wadzuka bwanji, Bodo?"



"Achemwali, mukundifinya," anadandaula Mago.

"Pirira," anatero Arisati. "Dzanja ili sindilisiyanso."