Kampasi ya Ulusi Wofiira

Anzake ankamutcha Choncho, poti mawu amenewa sankachoka pakamwa pake. Chiyambireni kuphunzira masamu a mizere ndi ngodya, mtsikanayu ankadziona ngati woweruza milandu. Koma m'mawa umenewo, ataima pa bolodi choko chili m'manja, ankalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Nkhani inayamba dzulo lake. Kampasi yake yojambulira mizere yozungulira, imene anaimanga kaulusi kofiira, inasowa m'chikwama. Pa nthawi yopuma anaona kampasi ya ulusi wofiira pa desiki ya mtsikana watsopano, wofatsa uja.

"Kampasi yanga ili ndi ulusi wofiira," anatero mokweza kuti kalasi yonse imve. "Iyinso ili ndi ulusi wofiira. Choncho ndi yanga. Choncho iwe ndiwe wakuba!"

"Anandimangira ndi mayi anga," mtsikanayo anayankha, misozi ili lengelenge.

Ndani akanamumvera? Choncho anatsomphola kampasiyo, anzake akuwombera m'manja. Nkhani inakafika kwa aphunzitsi aakulu, ndipo iwo analamula kuti mtsikana watsopanoyo abwere ndi kholo Lachisanu.

Ataweruka, Choncho anapeza bambo ake, omwe anali kalipentala, atawerama pa thabwa akujambula pokhalira pa mpando wozungulira. M'manja mwawo munali kampasi ya ulusi wofiira.

"Iii, mwanawe, ndinaiwala kukuuza," anatero akuseka. "Ndinaitenga m'chikwama mwako usanadzuke. Yanga ija yathyoka mwendo."

Choncho anasuzumira m'chikwama mwake. Kampasi ziwiri!

Ndiye m'mawa uja aphunzitsi a masamu, osadziwa n'komwe za kampasi yachiwiri, anamuitanira ku bolodi.

"Tatithandiza, katswiri wathu. Sikweya iliyonse ili ndi mbali zinayi. Chitseko ichi chili ndi mbali zinayi. Tamalizitsa."

"Choncho!" anakuwa mnyamata wina kumbuyo, kalasi n'kufa nacho chiseko.

"Sindingamalizitse, aphunzitsi," iye anayankha chapansipansi. "Zinthu za mbali zinayi n'zambiri. Chitseko si sikweya."

"Wakhoza. Kakhale pansi."

Sanakhale. Anapita pa chikwama chake n'kutulutsa kampasi zonse ziwiri. Anazinyamula m'mwamba. Manyazi anamugwira moti nkhope inkatentha ngati wayandikira mbaula.

"Ulusi wofiiranso ndi wambiri," anatero. "Yanga anatenga ndi bambo anga. Ndinamunamizira mnzanga."

Aja ankawomba m'manja dzulo tsopano ankayang'ana zikhadabo zawo. Choncho anayenda mpaka pa desiki ya mtsikana watsopanoyo n'kuikapo kampasi yake.

"Pepa. Undikhululukire."

Mtsikanayo anaitembenuza, n'kuyang'anitsitsa mfundo imene mayi ake anamanga.

"Mayi anga analira dzulo," anatero. "Apempha kale kuntchito kuti asapite Lachisanu."

Aphunzitsi anawalozera kukhomo kuti akaikonze nkhaniyo kumene inakafika. Awiriwo anayenda pakhonde, mtsikana watsopano ali patsogolo. Atafika pa chitseko cha aphunzitsi aakulu, mtsikana watsopanoyo anaima n'kupatuka pang'ono.

"Unayambitsa ndiwe," anatero. "Choncho gogoda."